Mapu a komboni yathu: ajambule ndani, asunge ndani?

Tiyanjane: Mwaswera bwanji makolo ndi anzanga nonse. Ndabwera ndi nkhani ija tinayamba pa maliro sabata yatha koma sitinaimalize. Dzulo ndinafuna kulozera mnyamata wa njinga yamoto kuti abweretse mankhwala a amayi. Nditatsegula mapu a pa foni, msewu wa Los Angeles ukuoneka, msika ukuoneka, koma ukangolowa mkati mwa zoni yathu mayina atha. Njira yopita ku kiyosiki ya madzi palibe. Mufolo umene umatisautsa chaka ndi chaka palibe. Mvula yatsala pang'ono, ndipo tonse tikudziwa mmene Kanyama, komboni yathu ino ya mu Lusaka, imakhalira ikangogwa masiku atatu otsatizana. Ganizo langa ndi lakuti tijambule tokha mapu a zoni yathu: zitsime, zimbudzi, pamene madzi amaima, pamene timataya zinyalala. Tikatero tipite nawo kumene amagawa ndalama za chitukuko. Mukuti bwanji?

Amake Dalitso: Taswera mwana wanga. Ine ndavomera usanamalize n'komwe. Chaka chatha matiresi anga anagona pa matebulo a tchalitchi masabata awiri.

aPhiri a pa kona: Mwaswera nonse. Mwanawe Tiyanjane, ganizo lako silili loipa, koma ndimvereni kaye. Ine ndinafika muno mu 1978 kuchokera ku Katete. Chitseko changa chalembedwapo manambala katatu, wina ndi choko, wina ndi penti yofiira, wina ndi chomata. Onse anabwera ndi mafunso: muli angati, mumatunga kuti, chimbudzi chili kuti. Tinawapatsa mipando, tinayankha zonse. Palibe amene anabwerako kudzationetsa chimene chinatuluka. Tsono ndikamva za mapu, funso langa ndi limodzi: pepalalo likatha, lidzakhala m'manja mwa yani?

Mavuto: Zoona Atate. Ndipo china, mapu omwewo ndi amene amabweretsa chigalimoto chogumula nyumba. Lero mulemba kuti nyumba iyi ili pa njira ya madzi, mawa mwini wake akugona panja. Ine nyumba yanga musaiike.

Tiyanjane: Atate aPhiri, funso lanu ndi lomwe likundisowetsa tulo inenso. Kusiyana kwake n'kwakuti aja ankabwera kudzatenga, pamene apa ofunsa ndife, oyankha ndife, osunga ndife. Pepala lalikulu likhale m'komboni muno pamalo poti aliyense angalione. Achimwene aMavuto, nkhawa yanu sindikuipeputsa, tiikambe bwinobwino tisanayambe.

Aphunzitsi aMwale: Ndiloleni ndiikepo mbiri pang'ono, chifukwa kusaoneka kwathu pa mapu sikunayambe ndi mafoni. Lusaka inakhala likulu mu 1935, boma litasamuka kuchoka ku Livingstone. Pulani yake yoyamba anajambula ndi mzungu wotchedwa Adshead, ndipo maganizo anali a mzinda wa mitengo ndi mabwalo aakulu wa azungu ndi antchito a boma. Munthu wakuda ankamuona ngati wongobwera kudzagwira ntchito, ikatha abwerere kumudzi. Ndiye makolo athu anakamanga m'mafamu a azungu ndi m'misasa ya makampani omanga, kunja kwa pulani. N'chifukwa chake makomboni ena ali ndi mayina a azungu ndi makampaniwo, monga George, John Laing, John Howard, Jack. Malo abwino okwera anatengedwa kale, otsala anali a miyala ndi madambo. Lero anthu a mu boma la Lusaka anapitirira 2 miliyoni pa kalembera wa 2022, ndipo ambiri mwa iwo, pafupifupi 7 pa 10 alionse, tikukhala m'makomboni. Ambiri ndife, koma pa pepala ochepa ndi amene amaoneka bwino.

Aphunzitsi aMwale: Ndipo aMavuto, kumbukirani kuti pepala linatithandizaponso. Lamulo la 1974 ndi limene linalola kuti komboni ivomerezedwe, anthu n'kumapatsidwa occupancy licence, chilolezo chokhala pa malopo, ya zaka 30. M'zaka zomwezo George ndi Chawama zinalandira misewu ndi mipope pa ntchito ija ya World Bank, ndipo sakanatha kudula msewu osadziwa kaye nyumba zili pati. Lamulo limene lilipo tsopano, la Urban and Regional Planning la 2015, limanena kuti anthu a m'dera azitengako mbali pokonza mapulani a dera lawo. Tikapita chimanjamanja, timangowomba m'manja pa msonkhano. Tikapita ndi mapu athu, tili ndi choloza.

Mavuto: Aphunzitsi ndamva. Koma lamulo la pa pepala ndi zimene zimachitika m'bandakucha chigalimoto chikafika ndi zinthu ziwiri.

aTembo omanga: Ine za malamulo sindidziwa zambiri, koma nthaka ya kuno ndimaidziwa ndi manja. Ndakumba zimbudzi zosawerengeka muno. Kumbali ya kwa aPhiri ukafika m'chiuno wagunda mwala. Kutsika cha ku tchalitchi, mwezi wa February, ukangofika m'maondo madzi ayamba kutumphuka. N'chifukwa chake timamanga zimbudzi zokwera masitepe. Mwala wa kuno ndi uja wa laimu, uli ndi ming'alu ndi mapanga pansi, madzi amayenda mmenemo ngati mu paipi. Munthu amaona ngati chitsime chake n'choyera chifukwa madzi akuoneka mbee, osadziwa kuti akuchokera pansi pa chimbudzi cha nyumba yachitatu. Mwezi watha ndinayeza pa yadi ina: kuchoka pa chimbudzi kufika pa chitsime, mapazi asanu ndi limodzi okha. Ndinawauza eni ake, iwo akuti tikumbe kuti nanga, poloti yathera pomwepa. Ndipo akunena zoona.

Mukayamba kuyenda munditenge. Pa khoma lililonse pali mzere umene madzi anasiya. Tiziwerenga njerwa, kuti apa anafika njerwa ziwiri, apa zisanu. Zimenezo foni siingakuuzeni.

Yamikani: Amalume aTembo, mwanena chinthu chachikulu! Chithunzi cha m'mwamba chimangoonetsa malata. Kuya kwa madzi chilibe.

NaBanda wa zaumoyo: Ine ndimayenda khomo ndi khomo ndi klorini, ndipo kolera wa 2017 mpaka 2018 sindidzamuiwala. Anayamba mu October cha ku Mazyopa ndi Chipata compound, kenaka anafika kuno. Asilikali analowa m'misewu, misika inatsekedwa, mu January anatiletsa ngakhale kuyenda usiku muno mu Kanyama. Wa 2023 mpaka 2024 anaposa pamenepo: odwala anagonekedwa ku Heroes Stadium, masukulu anachedwa kutsegula, ndipo m'dziko lonse tinataya anthu opitirira 700. Chimene ndinaona ine n'chakuti matenda sankagwa paliponse mofanana. Mu mzere umodzi wa nyumba munali odwala asanu, mzere wotsatira palibe ndi mmodzi yemwe. Titafunsa, oyambawo onse ankatunga pa chitsime chimodzi chifukwa kiyosiki inali kutali ndipo imatseka msanga. Ndinazilemba m'kope langa, koma kope la munthu mmodzi limathera m'chikwama.

Kusukulu ya zaumoyo anatiphunzitsa za dokotala John Snow wa ku London. Mu 1854 anaika chizindikiro pa mapu pa nyumba iliyonse imene munafa munthu ndi kolera, zizindikirozo zinaunjikana mozungulira pampu imodzi ya madzi pa Broad Street, ndipo akuluakulu anachotsa chogwirira cha pampuyo. Ife tili ndi maso ambiri kuposa iye.

Amake Dalitso: Koma anamwino, nyumba za odwala zokha musaziike. Mnzanga wina anasiya kugulitsa vitumbuwa miyezi itatu chifukwa anthu anamva kuti kwawo kunatuluka wodwala. Mpaka lero ena samugula.

NaBanda wa zaumoyo: Mwanena zoona amake Dalitso, ndipo sindingalole. Tiika chitsime, osati wodwala.

Yamikani: Za zipangizo musade nkhawa. Pali OpenStreetMap, mapu a pa intaneti amene aliyense angathe kuwonjezerapo njira ndi malo, ndipo salipiritsa. Achinyamata a ku Kibera mu Nairobi anayamba choncho mu 2009, komboni yawo imene inkaoneka ngati malo opanda kanthu inadzaza mipope, zipatala ndi masukulu. Ku Dar es Salaam, Ramani Huria inayamba mu 2015, ophunzira ndi anthu a m'madera ankayenda limodzi kulemba mifolo ndi malo osefukira. Polemba timagwiritsa ntchito KoboCollect, imagwira ngakhale opanda mabandulo, umadzatumiza ukapeza netiweki. Mafoni anayi akwanira.

aPhiri a pa kona: Mwana wanga Yamikani, mafoni abwere pambuyo. Mukayamba ndi foni, mapu akhala a achinyamata anayi amene amadziwa kudina. Agogo ako a kuseri kwa chigayo sadziwa kuwerenga, koma akudziwa pamene panali dambo nyumba zisanamangidwe. Madzi saiwala khwawa. Pamene pali bala ija lero, ife tinkawedzapo timilamba nthawi ya dzinja. Tiyambe pansi pa bwalo la tchalitchi, tilembe ndi phulusa, zitsekerero za mabotolo zikhale zitsime, miyala ikhale zimbudzi, zitsononkho zikhale milu ya zinyalala. Aliyense afike, atsutse, asunthe mwala ndi dzanja lake. Tikagwirizana, ndiye mujambule ndi kuika mu foni.

Tiyanjane: Atate, ndiye kuti mwalowa?

aPhiri a pa kona: Ndalowa, koma funso langa lija likadali chiimire.

Amake Chisomo ku Misisi: Pepani ndalowerera, ine ndinasamuka kuchoka ku Kanyama koma simunandichotse pa gulu. Kuno kwathu mavuto ndi omwewo, kuwonjezapo maenje amene anasiya okumba miyala. Ku damu la Ngwenya mvula ikagwa sudziwa pothera njira ndi poyambira dzenje, ndipo ana amasewera m'mbali momwemo. Mu 2010 ena a ife tinakagona m'matenti ku Independence Stadium, madzi ataphwa tinabwerera pomwe paja poti kunalibe kwina. Amayi a kagulu kathu kosunga ndalama anaphunzira kuwerenga nyumba kwa a Zambia Homeless and Poor People's Federation, aja amagwira ntchito ndi People's Process on Housing and Poverty in Zambia. Chimene ndinaphunzira n'chakuti owerenga azikhala a mumzere womwewo. Mlendo akafunsa kuti pa chimbudzi ichi mumalowa angati, amayankhidwa kuti banja limodzi. Ine ndikafunsa sangandinamize, ndimawaona m'mawa ali pa mzere, mabanja asanu ndi awiri.

Amake Dalitso: Apo mwandikumbutsa. Ife a lendi tiwerengedwe nafenso. Nthawi zonse akabwera olemba, amafunsa kuti mwini nyumba ali kuti, ife n'kutidumpha ngati nkhuku za pa yadi. Chonsecho madzi akalowa, onyowa ndife, eni ake ena amakhala ku Chalala. Ndipo ndinene poyera, ndili ndi mantha ena: mufolo ukakonzedwa, njira ikauma, lendi ikwera, ife amene tayenda m'matope kulemba mapu n'kusamukira kumene kuli madzi ena.

aPhiri a pa kona: Amake Dalitso, ine ndili ndi zipinda zinayi za lendi ndipo mawu anu andilasa. Za alandilodi ena sindingalonjeze. Koma pa kuwerenga, khomo lililonse liwerengedwe palokha, kaya ndi la mwini kaya la lendi. Ndipo mu komiti yosunga mapu mukhale a lendi osachepera theka.

Amake Dalitso: Zikomo Atate. China chimene amuna sangachiganize: tiike malo amene akazi timaopa kudutsa kukada. Kanjira ka pakati pa mipanda iwiri kopita ku chimbudzi cholipira, palibe getsi ngakhale limodzi. Atsikana ambiri amangogwiritsa ntchito chitini m'nyumba usiku, m'mawa n'kukataya mu mufolo. Mukafuna kudziwa chifukwa chake mufolo umanunkha, yambani ndi mdima wa pa kanjira kaja.

Mavuto: Chabwino, tsopano ndinene chimene chikundiwawa kwenikweni. Bwalo la mpira la ana kuseri kwa sukulu. Mukaliika pa intaneti kuti apa pali malo opanda nyumba, mwaitana makada, anyamata a zipani aja ogulitsa malo. Tinali ndi bwalo lina kumtunda, tinadzuka tsiku lina tapeza zikhomo, sabata yotsatira maziko. Ndinapita ku ofesi ina kukadandaula, anandifunsa kuti umboni woti linali bwalo uli kuti. Ndinabwerako manja ali m'thumba.

Aphunzitsi aMwale: AMavuto, werenganinso zimene mwalembazo. Anakufunsani umboni. Ogulitsa malo aja sanadikire mapu, amayenda ndi miyendo, bwalo lililonse akulidziwa kale. Amene analibe pepala ndinu. Bwalo limene latsalali likalembedwa kuti ndi bwalo la ana, ndi kukula kwake, ndi chithunzi cha tsiku lakutilakuti, ndi masaini a anthu mazana awiri, kope lina kwa khansala, lina ku komiti ya chitukuko ya wadi (Ward Development Committee), lina ku sukulu, wobwera ndi zikhomo adzapeza kuti anthu anayamba kale kulilondera.

Mavuto: Pa bwalo mwandigonjetsa. Pa nyumba za pa njira ya madzi ayi. Yanga ndi imodzi mwa izo, ndinagula osadziwa, unali mwezi wa August kuli gwa.

Tiyanjane: Achimwene, zikomo ponena poyera. Maganizo anga ndi awa, mundikonze ngati ndalakwa. Mapu akhale awiri. Oyamba ndi a poyera, oika pa OpenStreetMap: njira, mifolo, makiyosiki, masukulu, zipatala, bwalo. Achiwiri ndi athu a m'komboni, a pa pepala ndi pa kompyuta imodzi: kuya kwa madzi khomo ndi khomo, zitsime za m'mayadi, chiwerengero cha mabanja. Amenewa satuluka popanda msonkhano kuvomereza, ndipo sitilembapo dzina, nambala ya chitupa cha NRC kapena ya foni. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2021, ifenso tilitsate. Tikamapita kwa akuluakulu tionetsa dera lonse kuti apa madzi amafika njerwa zisanu ndipo mukukhala mabanja angapo, osaloza nyumba ya munthu. Ndipo ngati mufolo udzafunike kudutsa pa yadi ya wina, nkhaniyo iyambire kuno, mwini wake ali pompo, tikambe za kumene apite ndi chimene alandire, isanafike kwa injiniya.

Mavuto: Zilembedwe zimenezo, tisaine tonse tisanayambe kuyenda. Zikatero ndidzanyamula tepi ndine.

aTembo omanga: Ndiwonjezeko. Tisathere m'malire a zoni yathu. Madzi amene amatimiza sagwa pa malata athu okha. Tsatani mufolo kukwera kumtunda mudzaona: mayadi aakulu atsanulidwa konkire ponseponse, mipanda yatseka pamene madzi ankadutsa, paipi imodzi yatulutsidwa kuloza kwa ife. Pali kalavati ina pansi pa msewu imene munthu anamangapo shopu pakamwa pake penipeni. Tikalemba za kwathu zokha, adzati vuto ndi ife otaya zinyalala. Zinyalala tilembe ndithu, n'zathu, sitikukana. Koma tilembenso kumene madzi akuchokera.

Aphunzitsi aMwale: Ndi nkhani yomweyo ya Forest 27 kum'mawa kwa mzinda. Nkhalango ija ndi kumene madzi amalowa pansi n'kudyetsa mtsinje wa Chalimbana, koma mbali zina zinachotsedwa pa chitetezo n'kugawidwa mapoloti a nyumba zapamwamba. Amene anaimirira kukana anagwiritsa ntchito mapu, kuonetsa malire akale ndi atsopano. Wosauka akamanga pa dambo amatchedwa wophwanya lamulo, wolemera akamanga pa gwero la mtsinje malire ndi amene amasunthidwa. Onaninso mufolo waukulu wa Bombay umene unamangidwa ndi ndalama za bungwe la boma la America la Millennium Challenge: unathandiza ndithu, umatenga madzi a m'tauni kupita nawo ku Mazyopa mpaka mu mtsinje wa Ngwerere. Koma madzi a kuno kwathu salowa mmenemo. Wina anakhala pansi ndi mapu n'kusankha kuti ndalama ziyambire uku. Ulendo wina akamasankha, mapu athu akhale pa tebulo pomwepo.

NaBanda wa zaumoyo: Ndipo ndalama zoyambira zilipo pafupi. CDF, ndalama za chitukuko zimene boma limapereka ku dera la phungu aliyense, inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo zopempha zimadutsa ku Ward Development Committee. Ndakhalapo pa misonkhano imeneyo. Amene amabwera ndi pempho lolembedwa bwino, loonetsa malo ndi chiwerengero cha anthu opindula, ndi amene amamvedwa. Ife timangoti "mufolo wathu", akatifunsa kuti mamita angati, utuluke kuti, timayang'anana.

Yamikani: Ndiye tikamayeza tiyambe ndi mufolo waukulu, kuchokera pa kalavati ya aTembo mpaka pamene umathera. Ndikhoza kusindikiza chithunzi cha m'mwamba pa pepala lalikulu la A1 m'tauni, anthu azilembapo ndi mapensulo titachoka pa phulusa paja. Ndifunsa mtengo mawa.

aPhiri a pa kona: Tsono yankho la funso langa ndilipereke ndekha, muvomereze kapena mukane. Pepala lalikulu likhale ku tchalitchi, kope lina ku mzikiti, kuti wina asanene kuti ndi za mpingo umodzi. Osunga akhale asanu, atatu akhale amayi. Asakhalepo wa udindo m'chipani chilichonse. Wa bungwe kapena wa kuyunivesite akafuna kuona, abwere pa msonkhano, anene chimene akufuna kuchita nazo, ndipo akamaliza abweretse zotsatira zake m'Chinyanja.

Amake Chisomo ku Misisi: Ndipo muziikapo deti. Komboni imasintha msanga, mapu a chaka chino chaka chamawa asanduka bodza. Mudzayendenso mvula ili pakati, mu February, ndi majombo.

Tiyanjane: Ndalemba zonse. Loweruka 14 koloko pa bwalo la tchalitchi, abusa avomera. Amake Dalitso, phulusa ndi zitsononkho. Ana atole zitsekerero za mabotolo. Aphunzitsi alembe pangano lija aMavuto apempha, tidzaliwerenge mokweza tisanasaine. Amene sali pa gulu lino muwauze pakamwa, makamaka achikulire.

Amake Dalitso: Loweruka 14 koloko ambiri tili ku msika mwana wanga. Ikhale Sabata tikaweruka mapemphero.

Tiyanjane: Chabwino amayi, Sabata 14 koloko.

aPhiri a pa kona: Yamikani, udutse kwa agogo a kuseri kwa chigayo cha m'ma 13, miyendo ikuwavuta. Ubwereke wilibala kwa aTembo unyamulirepo mpando wawo. Dambo lija ayambe kulemba ndi iwo.